Atate anga anamata kabati ngati boti

Aphungu,

Ndine mayi wa mwana mmodzi, ndimakhala ku Chipyela pachilumba cha Likoma. Nkhani yanga ndi ya kabati, ndipo ndikudziwa kuti mwayamba kale kumwetulira, poti anzanga amakulemberani za mabanja akutha ndi amuna osagona pakhomo. Sekani ndithu, koma muwerenge mpaka kumapeto. Kabati imeneyi yandisiyanitsa ndi atate anga ondibereka, ndipo wolakwa ndine.

Atate anga, a Zacharia, amakhoma maboti ku Khuyu, pachilumba chomwechi. Sukulu sanapite nayo patali, koma msodzi aliyense kuno angakuuzeni kuti m'boti lokhoma iwo munthu sakapa madzi. Ine ndinakulira m'fungo la utuchi ndi phula. Ndinakwatiwa ndi a Davis, aphunzitsi, ochokera kubanja la anthu oyenda. Malemu bambo awo anagwira ntchito zaka zambiri ku Bulawayo, akulu awo ali ku Joni, ndipo apongozi anga aakazi, a Dorica, mpaka lero tiyi samwa kapu ilibe sosa. Si anthu oipa ayi. Kungoti ndikakhala pakati pawo ndimachenjera ndi kayankhulidwe kanga, ndipo atate akabwera ndimayamba ndayang'ana kaye zikhadabo zawo ngati zili ndi phula. Khalidwe limeneli ndimadana nalo, koma ndili nalo.

Chaka chino tinamaliza kumanga nyumba yathu. Alamu anga a ku Joni aja anatitumizira mphatso pa sitima: kanema wamkulu, dikoda, masipika ndi ampulifaya yokwezera mawu, yolemera yoti munthu mmodzi aitukule mopumira. A Davis anali atauziratu omanga kuti asiye mphako yaikulu m'khoma la pabalaza, kuti mudzalowe kabati yosungira zinthuzo, monga anaonera pa zithunzi za nyumba ya akulu awo. Apongozi anga analamula kuti makatoni asatsegulidwe mpaka kabati itapezeka, kuopa fumbi.

Atate atamva, anabwera okha wapansi kudzapempha kuti ntchitoyo aigwire iwo. Anati pa ukwati wanga analibe choti n'kuika patebulo pamaso pa asewere awo, ndiye ino inali nthawi yake. Anali ndi matabwa a mbawa amene anawaolotsa kuchokera tsidya la Mozambiki, ankawasungira boti lawolawo, poti moyo wawo wonse akhala akukhomera anthu ena. Anati botilo lidikire. A Davis anavomera mwaulemu, ngakhale ndinaona kuti mtima wawo unali pa kalipentala wa ku Nkhata Bay.

Tsiku lodzayeza, a Davis anali kusukulu, ndipo pakhomo ndinali ine. Atate anayeza mphako ija ndi chingwe, n'kuyezanso makatoni ali chitsekere. Zamkatimo sanazione n'komwe. Kenako anandifunsa kuti kabatiyo ndikuifuna yotani. Aphungu, inu a kumtunda mwina nkhungu mumangozimva. Ndi tizilombo touluka tochokera panyanja, tikabwera timalowa paliponse, m'maso, m'ndiwo, m'wailesi. Onjezanipo fumbi la mwera ndi mphemvu. Ine ndinkaopa kuti zinthu za ku Joni zikaonongeka m'kabati ya atate, mlandu udzakhala wa ku Khuyu konse. Ndiye ndinati ndikufuna yoti musalowe kanthu.

Anandifunsa kuti, "Musalowe chiyani, mwanangu?"

Ndinayankha kuti, "Chilichonse, atate. Ngakhale mphepo."

Anaseka n'kunena kuti ngati ndi zimenezo ndiye ndafika kwa mwini ntchito.

Anaipanga kabati ija, ndipo ndisaname, ndi yokongola. Mbawa anaipala mpaka kuwala, zitseko zimatsekeka mwakachetechete, mashelefu ali ndendende. M'ming'alu monse anakhomeramo thonje n'kumata phula chamkati, mmene amachitira ndi boti. Pa zitseko anazunguliza mphira wa chubu. Ngakhale kabowo kodutsa mawaya anakatseka ndi thonje mawaya atadutsa. Kanema anakhala pamwamba poonekera, zina zonse zinalowa mkati. Apongozi anga anasisita thabwa ndi dzanja n'kunena kuti sankayembekezera, ndipo kwa iwo amenewo ndi mayamiko aakulu. Anabweretsa kansalu kawo koyera koluka pamanja, kamene anachokera nako ku Bulawayo, n'kukayala pamwamba pa ampulifaya. Ine pamwamba pa kansaluko ndinasanjikapo dikoda kuti zioneke zaudongo.

Masiku oyamba tinkangoonera nkhani pang'ono n'kuzimitsa. Nthawi zina mawu ankaduka okha, ndipo a Davis ankati ndi magetsi.

Tsono kunabwera kanema wa ukwati wa mwana wa alamu anga ku Joni. Apongozi anaganiza zoitana anthu Lamulungu tikatuluka misa kuti adzaonere, ndi kuti adzaonenso nyumba. Munali mu Okutobala, dzuwa lija loti ngakhale mbuzi zimabisala. Kunabwera aphunzitsi anzawo a a Davis, anamwino a kumtunda amene akugwira ntchito kuno, ndi amayi a bungwe la kutchalitchi. Atate anabwera atavala jekete yawo ya ukwati wanga, m'kutentha konse kuja, n'kukhala pampando woyandikana ndi kabati. Aliyense woyamikira matabwa atate ankangomugwedezera mutu, koma ndinkaona kuti mumtima akunyadira.

A Davis anakweza masipika mpaka mawindo kunjenjemera. Tinaonera akwati akulowa, tinaonera ulaliki, ndipo atangoyamba kudula keke, zonse zinangoti zii. Magetsi anali akuyaka bwinobwino, choncho panalibe wonamizira. A Davis anatsegula zitseko za kabati, ndipo munatuluka mpweya wotentha ngati wa mu uvuni wa masikono. Pabalaza ponse panadzaza fungo lija ndimalidziwa kuyambira ndili mwana. Phula linali litafewa n'kuyenderera kuchokera mu mng'alu wapamwamba, kutsika pa dikoda mpaka pa kansalu koyera ka apongozi.

Apongozi anakanyamula ndi zala ziwiri n'kukaonetsa kwa anthu. Ananena akuseka, sindikuganiza kuti anafuna kulasa munthu: "Asewere, mwatikhomera kabati kapena boti? Tiyeni tikwere, tikatsike tsidya ku Kobwe."

Anthu anafa nacho chikhakhali. Pamenepo ndiye panafunika kuti ine ndiimirire ndinene kuti atate anachita zimene ndinawauza. Sindinatero. Ndinaseka nawo, ndipo kuti anthu aone kuti ine ndi wa mbali yawo, ndinawonjezera kuti, "Muwakhululukire, ndi mmene alili. Kwa iwo chilichonse ndi boti."

Aphungu, mawu amenewa anatuluka pakamwa panga ine. Atate anandiyang'ana pang'ono chabe. Sananene kuti ndiwe unandiuza, ngakhale akanatha kutero. Anapepesa kwa apongozi chifukwa cha kansalu, anapepesa kwa a Davis, kenako anati anasiya ntchito pagombe ndipo ayenera kubwerera. Tonse tinkadziwa kuti atate sagwira ntchito Lamulungu. Chakudya chinali chitapsa, koma sanadye. Ndinawaona pawindo akuvula jekete atangodutsa mpanda, n'kuikoleka paphewa.

Kuyambira tsiku limenelo sanapondenso pakhomo panga. Kale ankati akabwera kumsika ku Chipyela, ankadzera kwathu kudzanyamula mdzukulu wawo ndi kutisiyira kansomba. Tsopano amagula misomali yawo n'kubwerera. Ndinakumana nawo kamodzi pafupi ndi podikirira sitima, ndipo anandipatsa moni wa "muli bwanji mayi", ngati ndine mkazi wa kasitomala wawo. Ndinafika kunyumba n'kulira.

Makina aja atazizira anayakanso, koma tikatseka zitseko amadukabe. A Davis mpaka lero sakudziwa kuti malangizo omata anali anga. Iwo akuti nkhaniyi ndi yosavuta: kalipentala wa ku Nkhata Bay uja abwere pa sitima, azule kabati ya atate, aikepo mashelefu agalasi, zonse zitheke ubatizo wa mwana wathu usanafike mwezi wamawa, chifukwa kudzabweranso anthu. Ine ndangoti chabwino, poti ndikakana andifunsa chifukwa chake. Atate ndinawatumizira uthenga wa ubatizowo kudzera kwa msuweni wanga Eliness, ndipo yankho lawo linali lakuti aona mmene ntchito ikhalire.

Ndili ndi manyazi pawiri. Ndinachita manyazi ndi atate anga pamaso pa anthu, ndipo tsopano ndikuchita manyazi ndi manyazi omwewo. Ndithandizeni, Aphungu. Kodi kabati imeneyi ingakonzeke osaizula? Ngati ikufunika kubooledwa, ndikawauza bwanji munthu amene moyo wake wonse wakhala akutseka mabowo? Nanga ndikayambira pati, poti ngakhale njira ya ku Khuyu ndikuiopa?

T.Z.
Chipyela, Likoma

Mayi T.Z.,

Ndaseka, sindikubisirani, makamaka pa za kukatsika ku Kobwe. Apongozi anu pakamwa ali napo. Koma nditafika pa jekete ija kuseka kunandithera, ndipo ndikhulupirira kuti owerenga ambiri akumbukira tsiku limene nawonso anachitapo manyazi ndi kholo lawo. Simuli nokha, ngakhale zimenezo sizikuchotserani mlandu.

Tiyambe ndi kabati, poti ndiyo yosavuta. Isazulidwe. Ndafunsa anthu okonza mawailesi, ndipo akuti vuto lanu amaliona kawirikawiri ngakhale m'nyumba za m'tauni zimene makabati ake anapanga akalipentala a masatifiketi. Ampulifaya ikamagwira ntchito imatulutsa kutentha, ndipo timabowo tili pamwamba pakepo ndi mphuno zake. Inu munaitsekera m'bokosi lomata, apongozi anu anaifunditsa kansalu, inu n'kusanjikapo dikoda, amuna anu n'kukweza mawu mpaka kumapeto mu Okutobala. Mwaona kuti olakwa achuluka? Makinawo anadzizimitsa okha pofuna kudziteteza kuti asapse, ndipo muthokoze kuti anatero.

Kuyambira lero, musayatse zitseko zili zotseka. Kansalu kalikonse kachoke, kaya ndi ka ku Bulawayo kaya ka pamsika. Dikoda ikhale pashelefu yakeyake. Ampulifaya ikhale ndi mpata pamwamba ndi m'mbali woti dzanja lanu lilowe n'kutembenuka momasuka, ndipo ngati shelefu ili pafupi kwambiri, ikwezedwe.

Kukonza kwenikweni n'kwakuti mpweya upeze polowera ndi potulukira. Mpweya wotentha umakwera m'mwamba, choncho wozizira uzilowera pansi, wotentha uzitulukira pamwamba. Popeza kabati yanu ili m'mphako ya khoma, kuboola kumbuyo n'kutaya nthawi, chifukwa kumeneko kuli njerwa. Mipata ikhale kutsogolo: wina m'munsi mwa zitseko, wina kumtunda kwenikweni, ndipo mashelefu abooledwe chakumbuyo kuti mpweya uzidutsa kuchokera pansi mpaka pamwamba. Isakhale timabowo ta msomali ayi, ikhale mipata yooneka. Nkhungu zanu zija sindinaziiwale. Kuseri kwa mpata uliwonse kukhomedwe sefa ya waya, ija timaika m'mawindo kuletsa udzudzu, ndipo muziipukuta ndi kaburashi nkhungu zikadutsa, chifukwa sefa yotsekeka ndi chimodzimodzi thabwa. Phula lonse lamkati lipalidwe, mphira wa pa zitseko uchoke, thonje la pa mawaya lichokenso. Mukapeza kafani kakang'ono konga ka m'makompyuta, kaikidwe pa mpata wapamwamba kuti kazikokera mpweya kunja. Alamu anu a ku Joni angakatumize mosavuta.

Pogwira ntchitoyi makina onse azulidwe kumagetsi n'kutulutsidwa, utuchi ungalowemo. Ikatha, tsekani zitseko, onerani mpira wonse mpaka kutha, kenako gwirani pamwamba pa ampulifaya. Ikakhala yofunda chabe, zili bwino. Ikakhala yoti dzanja silikhalapo, mipata ikulitsidwe. Mukadzamva fungo la waya wopsa, zimitsani pompo ndipo muitengere kwa okonza, musayesere mwayi.

Tsopano tibwere kwa inu. Atate anu sanalakwitse ntchito. Anafunsa funso loyenera, anapatsidwa yankho, ndipo anachita zimene anauzidwa mwaluso lawo lonse, pa makina amene sanaloledwe n'kuwaona komwe. Safunsa anadya phula, koma pano amene sanafunse ndinu ndi amuna anu, poti m'makatonimo muyenera kuti munali kabuku kofotokoza zonsezi. Kulakwitsa malangizo si tchimo, aliyense akanatha kutero chifukwa choopa nkhungu. Chimene chawapweteka atate anu si nthabwala ya asewere awo, pakuti asewere amanyogodolana kuyambira kale ndipo zimathera pomwepo. Chawapweteka ndi mawu anu aja. Iwo anakubisirani mlandu pamaso pa anthu, inu n'kuwagulitsa kuti anthu omwewo akusekerereni. Akuluakulu anati mako ndi mako usamuone kuchepa mwendo, ndipo mwambiwu supatula atate.

Musayambire ku Khuyu. Yambirani m'nyumba mwanu momwemo. Auzeni a Davis lero kuti amene anati musalowe ngakhale mphepo ndinu, ndipo muwapemphe aimitse kalipentala wa ku Nkhata Bay. Mwina akwiya pang'ono kuti munawabisira, koma mwamuna wanzeru aona kuti nkhani yakula kuposa mashelefu agalasi. Kenako muwauze apongozi anu, inuyo ndi pakamwa panu. Mwanena nokha kuti si munthu woipa, ndiye apatseni mpata woonetsa zimenezo. Za kansalu kawo mupepese ndinu.

Mukatero, yendani wapansi kupita ku Khuyu, mwana ali kumbuyo. Musatume Eliness, musaimbe foni. Mukafika musakayambe ndi za kabati kapena za ubatizo, angaganize kuti mwabwera chifukwa mukufuna mmisiri. Mukakhale pansi monga mwana wawo, mubwereze mawu amene munanena aja mmene analili, osawachepetsa, ndipo munene kuti munalakwa. Muwauzenso kuti amuna anu ndi apongozi anu tsopano akudziwa zoona. Akakhala chete, musadzaze mpatawo ndi zifukwa. Akapanda kukuyankhani tsiku lomwelo, mudzapitenso, chifukwa iwo njira imeneyo aiyenda kambirimbiri kubwera kwa inu.

Za mabowo zikubwera pambuyo, ndipo aziyankhule ndi a Davis, mkamwini kupempha apongozi ake mwaulemu. Mukuopa kuti atate anu akhumudwa kumva kuti ntchito yawo ibooledwe. Ine sindikuganiza choncho. Mmisiri sakhumudwa ndi kukonza chinthu chake, amakhumudwa akaona munthu wina akuchigwira. Nthawi ino muwatulutsire ampulifayayo aione, aigwire ikutentha, muwaonetse timabowo take, kenako muwasiye aganize okha poika mipata. Pa tsiku la ubatizo, anthu omwe aja akadzakhala pabalaza, mudzanene mokweza kuti kabatiyi anapanga ndi atate anu ndipo amene anasokoneza poyamba ndinu. Munawachotsa ulemu pagulu, ndiye kupepesa kwa kuseri kokha sikukwana.

Chenjezo langa ndi ili. Musalole kuti kabatiyo izulidwe mwakachetechete poganiza kuti mudzawafotokozera bwino pambuyo pake. Likoma ndi kachilumba, ndipo kalipentala wachilendo akangotsika sitima ndi zida zake, nkhani idzafika ku Khuyu iye asanafike pakhomo panu. Atate anu sadzakufunsani kanthu, monga sanakufunseni tsiku lija. Adzangopitiriza kukupatsani moni waulemu pamsika, chaka ndi chaka, ndipo mwana wanuyo adzakula akuwadziwa ngati agogo ena ake okhoma maboti ku Khuyu. Nyamukani sabata ino, mayi, sitima isanabwere.

Aphungu